Pikapu Yanga ndi Maliro a Bambo Zakeyu

Pali manyazi ena amatha ukasamba, ena amatha ukasamuka mudzi. Anga awa ndinasamba, ndinasamuka, koma alipobe. Ku Lirangwe mpaka lero nkhalamba zikandiona zimayamba kutsokomola dala pobisa kuseka. Ndiye bola nkhaniyi ndiinene ndekha, chifukwa akainena ena amathiramo mchere wambiri.

Inali nthawi ya Chitaganya. Ine Wilisoni ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku Halale, kumene ndinakhala zaka zingapo ndikupatsira azungu masipanala m'galaja. Ndinabwerako ndi suti imodzi, Chizungu cha theka, ndi matama odzaza sutikesi. Ntchito ndinaipeza pa kagalaja kena pafupi ndi bwalo la ndege ku Chileka, kwathu komwe.

Ndiye panali Elube. Elube wa ku Lirangwe! Mtsikana ameneyo anandigulitsa tomato pamsika tsiku lina, ine n'kuiwala tomatoyo pomwepo. Tinagwirizana, iye anandilola. Koma mukudziwa mwambo wathu, mawu omaliza amakhala kwa mwini mbumba. Mwini mbumba wake anali malume ake, a Zakeyu, munthu wamtali wadazi, mlimi wa thonje, wokhala ndi ngolo yakeyake komanso pakamwa posatseka.

Ankhoswe anga atapita kukagogoda, anabwerako makutu ali lende.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti, mnyamata wa zikhadabo zakuda uja? Amakonza magalimoto a eni ake, iye alibe ndi wilibala yomwe. Mwana wa mlongo wawo azidzadya girisi?"

Zinandiwawa, abale. Kuwonjezera apo Elube anandinong'oneza kuti kuli kalaliki wina wa ku Limbe, wa njinga yatsopano ndi masokosi ofika m'maondo, amene a Zakeyu ankamupatsa mpando akafika. Ndinaona kuti ndikangogona, Elube apita pa kaliyala ya njinga ija ine ndikuyang'ana.

Mwayi unabwera chogubuduzika. Mzungu wina wa kubwalo la ndege anagubuduza pikapu yake pa kamlatho akuchokera kokamwa. Iye anatulukamo wabwinobwino, akutukwana mlatho. Koma mutu wa galimoto, muja mokhala dalaivala, unaphwanyika ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe. Injini inali yamoyo, chesesi, chitsulo cha pansi chonyamula zonse, yowongoka, matayala onse anayi ali ndi mpweya.

Nditaikokera kugalaja, mzungu uja anangoiyang'ana kamodzi.

"Iwe tenga! Ine safuna!"

Ndinatenga msangamsanga asanasinthe maganizo. Tsopano ndinali ndi galimoto yopanda mutu.

Mutu ndinaupeza kuseri kwa sitolo ya Che Amidu, wamalonda wa pa Chileka pomwepo amene ankakonda kugula zitsulo zotha ntchito. Unali mutu wa galimoto yakalekale, ya nkhondo isanayambe, wamtali, wozungulira pamwamba, wakuda, nyali zake zili tong'o ngati maso a chule. M'kati mwake nkhuku zinkaikiramo mazira. Tinapangana kuti ndiwakonzere chigayo chawo, iwo andipatse mutuwo.

"Chimenechi chinachokera kumishoni ina cha kumtunda uko," anatero Che Amidu akutulutsa thadzi pampando. "Koma bambo Wilisoni, mukudziwa ntchito imene chinkagwira kumeneko?"

"Che Amidu," ndinawadula, "inu za sopo ndi mchere. Za magalimoto tisiyireni ife a ku Halale."

Anandiyang'ana, n'kukweza mapewa. "Chabwino, bwana makaniko."

Kulumikiza mutu wa agogo pa thupi la mdzukulu si ntchito yamasewera. Mabowo a mabawuti sankakumana ngakhale amodzi. Ndinaboola ena, pena ndinapachikiza zidutswa za mlombwa, pena ndinamanga ndi waya wa mpanda. Chiwongolero chinatulukira chammbali, moti poyendetsa ndinkakhala chopendekeka ngati munthu wa chithupsa. Ndodo ya magiya inkagunda mpando, ndiye giya yothamangira sinkalowa n'komwe. Batire linafera pangozi ija, choncho poliza injini ndinkapukusa handulo kutsogolo, ndipo handuloyo inali ndi khalidwe la bulu. Ikalira injini, sunkayerekeza kuizimitsa.

Pomaliza ndinapaka penti yakuda galimoto yonse, mutu ndi thupi lomwe, kuti msoko usaoneke. Inawala! Ndinaima patali n'kunena ndekha kuti, "First class!"

Amayi anga anatuluka m'nyumba, anaizungulira kamodzi.

"Wilisoni, chinthuchi chikundiyang'ana."

"Ndi sitayilo, amayi."

Masiku omwewo kunamveka kuti a Zakeyu agwa pangolo, gudumu lawaponda mwendo, mutu amenyetsa pamwala. Anawatengera kuchipatala chachikulu ku Blantyre ali chikomokere. Kumudzi kwawo ankangodziwa kuti zinthu sizili bwino, poti ulendo wa kutauni masiku amenewo sunali wongodzuka n'kupita.

Ine ndinavala suti n'kupita kukawazonda. Ndinawapeza atatsitsimuka kalekale, mwendo uli m'chikhakha kuyambira m'ntchafu mpaka kuphazi, akukangana ndi anamwino za phala lopanda mchere. Anati awatulutsa Loweruka, koma sankadziwa kuti akafika bwanji kwawo.

"Bambo, ndidzakutengani pa galimoto yanga."

"Yako? Waiba kuti?"

"Yangayanga, bambo. Ndapanga ndekha. Koma kumudzi tisatumize mawu, tikawadzidzimutse."

Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga ine. Ndipo tinakawadzidzimutsadi.

Loweruka m'mawa ndinaimika galimoto chammbuyo pakhomo la chipatala, injini ikulira. Anamwino anati mwendowo uyenera kugona chowongoka, ndiye anawanyamula n'kuwagoneka kumbuyo pa matiresi amene ndinabwera nawo. Kutsogolo kwa galimoto a Zakeyu sanakuone ayi. Anawamwetsa mapiritsi opha ululu, ife n'kunyamuka.

Tinadzera ku Chileka kuti ndithire madzi mu redieta. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

"Iwe wa girisi!" anakuwa a Zakeyu kumbuyo kuja. "Ukufuna undiwotche ngati mbewa? Fumbi ili nalo landidzaza m'kamwa!"

Ndinathamangira m'nyumba n'kutenga nsalu yoyera ya patebulo ya amayi anga, a Zakeyu n'kudzifunditsa mpaka kumutu. Anapemphanso kena kake kotsitsira fumbi, ndipo aneba athu ophika kachasu sanachedwe kuthandiza wodwala. Za mthunzi, ndinathyola nthambi za mango n'kuzimangirira m'makona onse a galimoto, zina kutsogolo kuti zikongoletse.

Eya, ndikudziwa. Musandiyang'ane choncho. Munthu ukakhala pachibwenzi nzeru zimapita kutchuthi.

Tisanatuluke n'komwe m'Chileka, mapiritsi ndi kachasu zinali zitagwirizana. A Zakeyu anali gone, osagwedezeka, phazi loyera la chikhakha lokha lili panja.

Anthu a kwathu ku Chileka sanandipatse ulemu ngakhale pang'ono. Amayi ena a mtolo wa nkhuni pamutu anayenda nane limodzi kamtunda ndithu, kenaka anatopa nane n'kundipitirira. Anyamata a pa sitolo ankakuwa kuti, "A Wilisoni, tsikani muikankhe ifulumire!" Ine ndinangoti nsanje, mneneri salemekezeka kwawo.

Koma titayamba kulowa dera la ku Lirangwe, zinthu zinasintha.

Bambo wina ankasosa m'munda. Atangoona galimoto, anaika khasu pansi, anavula chipewa n'kuweramitsa mutu. Patsogolo pang'ono amayi ochokera kumadzi anatula mitsuko n'kugwada m'mbali mwa msewu. Wina wa panjinga anatsika n'kuima njo, chipewa pachifuwa.

"Eyaaa!" ndinatero mumtima. "Kuno ndiye kuli anthu odziwa chinthu chabwino!"

Ndinakonza tayi. Ndinatulutsa dzanja pawindo n'kumaligwedeza pang'onopang'ono, mmene ndinaonera Bwanamkubwa akuchitira tsiku lina pabwalo la ndege. Mano onse anali pamtunda.

Chimene sindinkadziwa, chimene Che Amidu ankafuna kundiuza ine n'kuwatseka pakamwa, n'chakuti mutu umenewo unali wa galimoto ya maliro. Kwa zaka zambirimbiri, ine ndili mwana mpaka ndili ku Halale, amishoni ankanyamulira galimoto imeneyo anthu omwalirira kuchipatala kuwabweretsa m'midzi ya ku Lirangwe mpaka ku Mdeka. Kumeneko panalibe banja limene silinaonepo nyali za chule zija zitaima pakhomo pawo. Ndiye taganizani. Galimoto yomweyo yabweranso, yakuda bii, ikuyenda mwakachetechete ngati kamba, nthambi zaziwisi m'makona, kumbuyo munthu wofunditsidwa nsalu yoyera mpaka kumutu. Kutsogolo chitsiru cha suti chikuseka.

Posakhalitsa anandipeza bambo wina wogulitsa nsomba zouma, dengu lili pa kaliyala. Anapalasa pambali panga, chipewa chili m'manja.

"Pepani bambo!" anakuwa kuti apose injini. "Ndi ndani?"

"A Zakeyu a ku Lirangwe!" ndinayankha monyadira. "Ndawatenga kuchipatala!"

"Mayo ine! A Zakeyu!"

Anapalasa njinga ija ngati wathamangitsidwa ndi njuchi, nsomba zikugwa m'dengu osacheuka. Ine ndinati, taonani munthu wachikondi, akufuna akakhale woyamba kunena uthenga wabwino.

Iye anakafika dzuwa lili pamutu. Ine ndinali ndidakali ndi ulendo. Pa chitunda chilichonse galimoto inkakwera ikulira ngati ikupempha chikhululuko, ndipo redieta inkawira pafupipafupi. Pa kamtsinje kena ndinaima, injini ili chilirire, ndipo ndisanapemphe n'komwe mayi wina anabwera ndi ndowa ya madzi n'kundipatsa atagwada, misozi ili m'maso.

"Pepani, bambo. Pepani kwambiri."

"Musadandaule mayi, ikazizira tipitirira!" ndinatero, n'kumugwedeza dzanja mwamphamvu. "Thank you very much!"

Anandiyang'ana ngati ndamera nyanga.

Kenaka anthu anayamba kunditsatira. Poyamba anali ochepa, kenaka gulu, amuna kutsogolo amayi kumbuyo. Sankavutika kuthamanga, liwiro langa linali la wapansi. Wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ena n'kupolokeza. Ndinaona kuti nyimboyo ndi yozizira ndithu pa tsiku lachisangalalo ngati limeneli, ndiye ndinati ndiwathandize. Mutu wakale uja unali ndi hutala ya mpira wofinya. Ndinayamba kuwaombera kayendedwe.

Papaa! Papaa! Pa-pa-paa!

Nyimbo inadukiza. Anthu anayang'anana. Kenaka anapitiriza mokweza, ngati akufuna kundikwirira.

Pa msika wa Lirangwe masitolo anali atatseka zitseko. Telala wa pakhonde anasiya makina n'kuimirira. Ogulitsa zitumbuwa anavundikira malichero. Ine ndikugwedeza dzanja uku ndi uku, mumtima ndikuti kalaliki wa masokosi uja abwere adzaone mmene amuna amalowera m'mudzi.

Mtima unayamba kugunda pokhapo nditakhotera kwa a Zakeyu. Pamsewu panali pataikidwa nthambi. Pabwalo panali anthu osaneneka, amuna pansi pa mtengo, amayi atazungulira nyumba, utsi ukufuka kuseri. Kulira kunkamveka kuposa injini yanga.

"Hii, pagwa zovuta pamudzi pano," ndinatero. "Tsoka langa ine! Munthu ameneyu sakanadikira mawa?"

Koma ndinadzitonthoza kuti ndachita bwino kubweretsa mwini mbumba pa nthawi yake, akhale nawo pa mwambo. Ndinabweza mano m'kamwa, ndinaimika galimoto pakati pa bwalo n'kutsika. Elube anatuluka m'gulu la amayi, maso ali psuu, mpango uli m'chiuno.

"Elube, pepa," ndinanong'ona. "Ndani watisiya?"

Anasiya kulira n'kundiyang'ana.

"Mukufunsa ine? Si mwabwera nawo ndinu!"

Ndinacheuka. Ndinaona nthambi za mango zija, nsalu yoyera ija, ndi phazi lija lili njo kuloza kumwamba. Zonse zinandilowa m'mutu nthawi imodzi.

"Ayi! Ayi! Ali moyo!" ndinakuwa ndikuthamangira kugalimoto. "Bambo Zakeyu, dzukani! Tafika!"

A Yohane, mkulu wa mpingo, anandigwira paphewa. "Chisoni chamuzunguza mutu mwanayu. Njira yonse akuti amangoseka yekha. Tamugwirani, angadzipweteke."

Amuna awiri amphamvu anandikhazika pansi, wina n'kumandisisita pamsana. "Limbani mtima, achimwene. Mwayesetsa."

"Ndikuti ali moyo! Amwa kachasu basi!"

"Eya, eya. Ankaukondadi."

Apo n'kuti mayi Filesi, akazi awo a a Zakeyu, atadziponya pa tayala lakumbuyo.

"Mwandisiyira ndani ine, a Zakeyu! Denga likudontha, munati mufolera! Ng'ombe zanu zija zimamvera inu nokha! Mayo ine, mayo!"

Nthawi yomweyo injini, imene inalira osapuma kuchokera ku Blantyre, inatsokomola kawiri n'kuzima. Amuna anayi anakwera kumbuyo mwaulemu, aliyense n'kugwira ngodya ya matiresi. Ananyamula. Potsitsa, wakutsogolo anaphonya phazi, mwendo wa chikhakha uja n'kumenya chitsulo. Gu!

Pansi pa nsalu panatuluka mawu.

"Mwendo wangawo, zitsiru inu!"

Sindinaonepo anthu akuthamanga chotero, ngakhale ku Halale apolisi akafika pa mowa. Matiresi anagwa pansi. A Yohane, munthu wa nyamakazi amene ankayenda ndi ndodo, analumpha khola la mbuzi osaligunda. Wansomba uja anasiya njinga yake n'kuthawa wapansi. Amene ankandisisita pamsana anandiponda pamsana pomwepo podutsa. Amayi anamwazikira m'munda wa nandolo, nyimbo n'kusanduka mfuu.

A Zakeyu anadzuka n'kukhala tsonga, nsalu ili pamutu ngati mkwatibwi, nkhope yotuwa ndi fumbi. Anayang'ana uku ndi uku.

"Kodi wamwalira ndani?"

Pabwalo panatsala anthu atatu, ine, Elube ndi mayi Filesi amene miyendo inawakanika. Mayiwo anakwawa pang'onopang'ono, anatambasula dzanja n'kuwatsina khutu amuna awo.

"Ndinu a Zakeyu enieni?"

"Ukufuna ena?"

Mayi Filesi analiranso, tsopano mokweza kuposa poyamba, uku akuwamenya ndi mpango. Elube anakhala pansi, kuseka ndi kulira zikulimbirana pakhosi.

Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi, akusuzumira kuseri kwa nkhokwe. Woyamba kuyandikira anali mng'ono wawo, a Petulo. A Zakeyu anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Petulo, jekete langa la Lamulungu likutani pathupi pako?"

"Achimwene, ndimati ndilandirire alendo."

"Vula! Nanga fungo la nyamali?"

"Taphera adzukulu mbuzi, achimwene."

"Mbuzi iti?"

A Petulo anayang'ana pansi. "Tonde uja."

"Tonde wanga wa mbewu? Ndangogona pang'ono, mwandidyera tonde?"

Mkwiyo wonsewo unkafuna pogwera, ndipo pogwera pake panali ine. Anthu onse analoza galimoto nthawi imodzi, aliyense akulankhula. A Zakeyu analamula kuti awanyamule akaione kutsogolo. Atangoona nyali zija, anakhala chete. Ndinali ndisanawaonepo ali chete.

"Iwe," anatero motsitsa. "Wandinyamula pa ichi? Ichi chinabweretsa bambo anga. Chinabweretsa mayi anga. Lero wati chibweretse ine?"

"Bambo, sindimadziwa. Ine ndinangoona kuti ndi mutu wolimba."

"Ndipo amaseka!" analowerera wansomba uja, amene anabwerera njinga yake. "Ndinamuona ndi maso angawa. Mano onse pamtunda, dzanja pawindo ngati Bwanamkubwa!"

"Ife tikuimba, iye akuliza hutala," anawonjezera a Yohane akuchotsa zitosi za mbuzi pa buluku.

A Zakeyu anatembenukira kwa ine. "Pa maliro anga umaseka?"

"Koma bambo, simunamwalire!"

"Zimenezo umadziwa iwe wekha! Anthuwa amadziwa?"

Ndinayang'ana Elube, iye anayang'ana pansi. Ndinadziwa kuti basi, zanga zada, mtsikana wapita kwa kalaliki. Ndinafuna kulira, ndipo pamudzi ponsepo ndine ndekha amene ndinali ndi chifukwa chenicheni cholirira.

Ndiye ngati zimenezo sizinakwane, kunatulukira adzukulu, makasu pamapewa, dothi lofiira mpaka m'mawondo. Iwo anali kumanda nthawi yonseyi. Atamva kuti maliro akuchokera kutali pa dzuwa lotere, sanadikire. Mkulu wawo anayang'ana a Zakeyu, anayang'ana gulu, kenaka analavula pansi.

"Ife zanuzo sitikuzidziwa. Dzenje takumba. Alowemo ndani?"

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda galimoto.

Mwamwayi makolo anaikiratu njira. Dzenje la manda silikwiriridwa lopanda kanthu, akuti limaitana munthu. Zikatere amadula thunthu la nthochi n'kuliika m'menemo m'malo mwa amene amayembekezeka uja. A Yohane anagamula kuti wobweretsa maliro ndi amene awaperekeze. Anadula nthochi ya a Zakeyu yomwe, anaikulunga mu nsalu ya patebulo ya amayi anga, n'kuigoneka pa matiresi kumbuyo kwa pikapu.

Ndinavula jekete n'kugwira handulo. Inandimenya pachigongono gulu lonse likuona, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe anati pepani. Injini italira, a Zakeyu anakuwa.

"Chotsani chitseko icho! Ndikwera kutsogolo."

"Bambo, mwendo wanu," ndinatero.

"Maliro anga aone ena, ine ayi? Chotsa!"

Ndinamasula chitseko ndi sipanala. Anawakweza, atavala jekete lawo la Lamulungu, mwendo wa chikhakha uli panja kuloza kutsogolo ngati mfuti. Tinanyamuka, gulu lonse pambuyo pathu. Ena ankaimba, ena ankadziluma milomo, mayi Filesi ankachita zonse ziwiri.

Ine maso pamsewu, thukuta kamukamu. M'mbali mwa njira anthu ochokera kutali, amene uthenga wachiwiri unali usanawapeze, ankavula zipewa. Ena ankati akaona amene wakhala kutsogolo, chipewa chinkagwa chokha. Ndinaona a Zakeyu akusuzumira kumbuyo, kenaka kutsogolo, kenaka kumbuyonso. Pang'ono ndi pang'ono dzanja lawo linakwera n'kuyamba kugwedezeka.

"Anthu onsewa abwerera ine?"

"Inde, bambo."

"Awo si a ku Mdeka awo?"

"Ndi a ku Mdeka, bambo."

"Hmm. Ndimayesa amandida." Anakonza kolala ya jekete. Kenaka anati, "Kalaliki uja wa ku Limbe, chipatala chili pafupi ndi kwawo, sanabwere ndi tsiku limodzi lomwe. Abale anga anathamangira jekete ndi tonde. Amene anabwera kudzanditenga ndi chitsiru, koma anabwera. Ukawauze ankhoswe ako abwerenso. Wapansi!"

Abale, chimwemwe chinanditsikira kuphazi. Ndinaponda mafuta osadziwa, galimoto inadumpha, tayala linagwa m'kadzenje, thunthu la nthochi kumbuyo kuja n'kudzimenyetsa pa chitsulo. Gu!

A Zakeyu anandigwira mkono mwamphamvu.

"Pang'onopang'ono, akamwini! Kumbuyoko ndine!"

Anthu akamakuvulira zipewa pamsewu, usathamangire kukweza dzanja, yamba wacheuka uone chimene wanyamula.